Kuyezetsa majini pofuna mankhwala a ziwengo okuyanja: tigule kapena tisunge ndalama?

Wafamase:
Akuluakulu, tithandizane nzeru. Pa intaneti pachuluka makampani otsatsa kabokosi koyezera majini, malangizo a chibadwa amene munthu amatengera kwa makolo. Munthu amapukuta m'kati mwa tsaya ndi kathonje, kapena kulavulira malovu m'kabotolo, n'kutumiza ku labu, ndipo pakapita sabata zingapo amalandira lipoti loika mankhwala m'magulu atatu: obiriwira, achikasu ndi ofiira. Amene akufunsa kwambiri ndi anthu a chimfine cha ziwengo ndi a zidzolo zoyabwa, makamaka amene cetirizine amawawodzeretsa masana kapena amene loratadine sawachitira kanthu (awiriwa ndi mapiritsi a ziwengo a gulu lotchedwa antihistamine). Mtengo wa kabokosi kamodzi umaposa wa mapiritsi a miyezi yambiri. Tiziwauza kuti agule?

Walabu:
Ine ndiyamba ndi kuikira kumbuyo kabokosiko, chifukwa kusiyana kwa majini pa mankhwala amenewa si nkhani yopeka. M'chiwindi muli enzyme (puloteni yosintha mankhwala m'thupi) yotchedwa CYP2D6 imene imaphwanya chlorphenamine, promethazine ndi diphenhydramine, ma antihistamine akale aja ogonetsa. Jini yake munthu amakhala nayo pawiri, ina yochokera kwa mayi, ina kwa bambo. Zonse ziwiri zikakhala zosagwira ntchito, mankhwala amachedwa kuchoka m'magazi. Ndiye mlingo wamba wa chlorphenamine, 4 mg maola 4 mpaka 6 alionse, umangounjikana. Munthu amagona osakhuta tulo, kukamwa kumauma, maso saona bwino, ndipo abambo achikulire mkodzo umavuta kutuluka.

Mwa anthu ochokera ku Europe, 5 mpaka 10 pa 100 alionse ndi otero. Kum'mawa kwa Asia oterowo ndi ochepa zedi, koma kumeneko kwachuluka mtundu wa jiniyi wotchedwa *10 umene umagwira ntchito mofooka. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kuli *17 ndi *29, nayonso yofooka, ndipo *17 anayamba kuufotokoza atayeza anthu a ku Zimbabwe. Kwinaku pali ena amene ali ndi makope atatu kapena kuposerapo a jiniyi. Amenewa amaphwanya mankhwala mothamanga, ndipo ku Ethiopia amafika pafupifupi 29 pa 100. Anthu awiri akamwa piritsi limodzimodzi, sizitanthauza kuti m'magazi mwawo muli mankhwala ofanana.

Dokotala wa khungu:
A Walabu, palibe chimene mwalakwitsa, koma wogulayo funso lake ndi limodzi: lipoti likabwera ndisintha chiyani? Tinene kuti laonetsa CYP2D6 yosagwira ntchito. Timuuza kuti asiye chlorphenamine, ayambe cetirizine kapena fexofenadine. Tinene kuti laonetsa kuti ili bwinobwino. Timuuza zomwezo, chifukwa mankhwala akale aja amalowa mu ubongo wa wina aliyense, ndipo amachedwetsa maganizo ndi manja a woyendetsa galimoto ngakhale iye mwini asakumva tulo. Kuyeza kumene mayankho ake onse akutifikitsa pa piritsi limodzimodzi, ndalama zake zagwira ntchito yanji?

Tikafika pa mankhwala atsopanowo, CYP2D6 ili ndi mbali yochepa. Cetirizine wambiri amatuluka mu mkodzo asanasinthidwe n'komwe, choncho chimene chimamulamulira ndi impso. Munthu wa impso zofooka amachepetseredwa kuchoka pa 10 mg kufika pa 5 mg, ndipo zimenezo zimadziwika poyeza creatinine m'magazi, osati majini. Fexofenadine amene thupi limaphwanya ndi pafupifupi 5 pa 100 chabe. Loratadine ali ndi njira ziwiri zophwanyikira, enzyme ya CYP3A4 ndi ya CYP2D6, ina ikafooka inayo imasenza katundu.

Gulu la CPIC, limene limalemba malangizo a mmene madokotala angagwiritsire ntchito zotsatira za majini, lili ndi malangizo pa codeine, clopidogrel, warfarin, efavirenz ndi ena ambiri. Pa ma antihistamine lilibe. Mu 2018 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku United States, linachenjezanso anthu kuti asasinthe mankhwala potsatira kuyeza majini kumene kulibe umboni wokwanira. Mtundu wofiira umene waikidwa pambali pa piritsi la ziwengo ndi maganizo a kampaniyo.

Mphunzitsi wa za mankhwala:
Adokotala, pali piritsi limodzi limene mwalidumpha, ndipo ndi pamene majini amaonekera poyera kuposa pena paliponse: desloratadine. Iyeyu ndi amene loratadine amasanduka akafika m'chiwindi, ndipo amagulitsidwanso payekha pa 5 mg. Pepala la malangizo ake ku United States limanena mosabisa kuti pa anthu amene anayezedwa, pafupifupi 6 pa 100 amachedwa kwambiri kumuphwanya. Mwa anthu akuda anali 17 pa 100, mwa azungu 2 pa 100. Mwa anthu ochedwawo, mankhwala amene thupi limakhala nawo amachuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Mwa munthu wamba theka la mankhwalawa limachoka m'magazi pakatha maola pafupifupi 27, koma mwa iwowa zimapitirira maola 50. Gwero lake ndi jini ya UGT2B10, imene imagwira ntchito mothandizana ndi ina yotchedwa CYP2C8. Mwa anthu akuda, munthu mmodzi pa asanu ndi mmodzi si chiwerengero chochepa ayi.

Dokotala wa khungu:
Aphunzitsi, pepala lomwelo limapitiriza kunena kuti sanaone kusiyana pa chitetezo pakati pa magulu awiriwo, ndipo silinena kuti mlingo usinthidwe. Desloratadine salowa kwambiri mu ubongo, n'chifukwa chake kuchuluka m'magazi sikusanduka vuto kwa ambiri. Amene akumva kufooka, mutu kapena kuuma kukamwa ali pa loratadine kapena desloratadine angosamukira pa fexofenadine, amene sadutsa njira imeneyo.

Walabu:
Apa aphunzitsi mwandithandiza ndi kundigwetsa nthawi imodzi, chifukwa UGT2B10 sipezeka m'mabokosi ambiri ogulitsidwa. Amayeza CYP2D6, CYP2C19, CYP2C9 ndi ena ochepa amene amakhudza mankhwala a mtima, a ululu ndi a matenda a maganizo. Jini yokhayo imene ili ndi umboni wolimba pa piritsi la ziwengo ndi imene wogula sangaipeze m'lipoti.

Ndipo CYP2D6 yomweyo ndi yovuta kuyeza, anthu adziwe. Pambali pake pali jini ina yofanana nayo kwambiri koma yakufa, CYP2D7, ndipo nthawi zina zidutswa za ziwirizi zimaphatikizana. Pali anthu amene jini yonse inachokeratu, ndiye *5, ndi ena amene ili yobwerezedwa. Makina ongoyang'ana malo ochepa m'DNA saona zimenezi pokhapokha labu ikachita kuyeza kwapadera kowerenga makope. Choopsa chachikulu ndi ichi: labu ikapanda kupeza kusintha kulikonse pa malo amene inayang'ana, imalemba *1, kutanthauza kuti zonse zili bwino. Ngati *17 ndi *29 sanali pa mndandanda wa zoyezedwa, munthu wokhala nawo amalandira lipoti lobiriwira pamene enzyme yake ndi yofooka. Mabokosi otsika mtengo ambiri anakonzedwa poyang'ana majini a anthu ochokera ku Europe.

Namwino wa za mphumu:
Inu mukukambirana za m'chiwindi, koma anthu ambiri amene amati mankhwala sakuwayanja, vuto lili pa kamwedwe. Tisanafike ku majini tiyambe taunika izi.

Fexofenadine amamwedwa ndi madzi basi. Juwisi wa malalanje, wa maapozi kapena wa grapefruit amatseka timakomo ta m'matumbo timene mankhwalawa amalowera m'magazi, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limatayika. Mankhwala a chilungulira okhala ndi aluminium kapena magnesium amachitanso chimodzimodzi, choncho pazidutsa maola awiri. Mlingonso umasiyana: 120 mg pa chimfine cha ziwengo, 180 mg pa zidzolo.

Chachiwiri, piritsi la antihistamine limathandiza kuyetsemula, kuyabwa ndi mamina amadzimadzi, koma pa mphuno zotsekeka mphamvu yake ndi yochepa. Munthu amene vuto lake lalikulu ndi kutsekeka akhoza kusinthasintha mapiritsi chaka chonse osaona kusintha. Chimene chimatsegula ndi mankhwala a steroid opopera m'mphuno, monga fluticasone, mometasone kapena beclometasone. Amenewa sagwira tsiku lomwelo. Amayamba kumveka pakatha masiku angapo, ndipo mphamvu yake yonse imafika pakatha pafupifupi sabata ziwiri akupoperedwa tsiku ndi tsiku. Ambiri amasiya pa tsiku lachitatu n'kumati thupi lawo lakana.

Kapoperedwe kake: minani kaye, khutchumulani botolo, weramitsani mutu pang'ono ngati mukuyang'ana zala za kumapazi. Mphuno ya kumanja mupopere ndi dzanja lamanzere, ya kumanzere ndi dzanja lamanja, kuti kamwa la botolo liloze kunja, cha ku khutu, osati pa kakhoma ka pakati pa mphuno. Kuloza pa kakhomako ndi kumene kumabweretsa kamfuno. Musakoke mpweya mwamphamvu. Mukamva kuwawa kukhosi, ndiye kuti mankhwala adutsa mphuno apita kummero, komwe alibe ntchito.

Pomaliza, samalani ndi oxymetazoline ndi xylometazoline, aja otsegula mphuno m'mphindi zochepa. Akapitirira masiku ochepa, mphuno zimayamba kutsekeka kwambiri mankhwala akangotha mphamvu, munthu n'kumapopera mowirikiza. Woteroyo palibe piritsi limene lingamuthandize asanasiye botolo limenelo.

Wafamase:
Anamwino mwanena zenizeni. Ndiwonjezere mbali ya mankhwala omwedwa pamodzi, chifukwa amatha kufafaniza zimene lipoti la majini lanena. Munthu akhoza kubadwa ndi CYP2D6 yabwinobwino, koma akayamba fluoxetine, paroxetine, bupropion kapena terbinafine wa mapiritsi, enzyme ija imatsekeka, thupi lake n'kumachita ngati la munthu wopanda jiniyo. Lipoti lidzakhalabe lobiriwira. Diphenhydramine nayenso amafooketsa CYP2D6, ndiye amatha kukweza mankhwala ena monga metoprolol.

Mbiri yomwe ikutiphunzitsa zomwezi. Terfenadine ndi astemizole anachotsedwa pa msika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa anthu akamwa pamodzi ndi ketoconazole kapena erythromycin, CYP3A4 inkatsekeka, mankhwala n'kuunjikana mpaka kusokoneza kagundidwe ka mtima. Fexofenadine ndi chimene terfenadine ankasanduka m'thupi, chopanda vuto limenelo.

Lero chofunika kuchiyang'anira ndi ritonavir kapena cobicistat. Munthu amene ali pa ma ARV okhala ndi mankhwala amenewa akamapopera fluticasone kapena budesonide, steroid imachuluka m'magazi: nkhope imafufuma, shuga amakwera, ndipo tiziwalo ta adrenal, ta pamwamba pa impso, timasiya kupanga cortisol, steroid yachilengedwe ya thupi. Kwa iwowa beclometasone ndiye amasankhidwa, ndipo amene wakhala kale pa fluticasone asasiye mwadzidzidzi, aonane ndi dokotala. Rifampicin wa TB amachita mosiyana, amatsitsa fexofenadine m'magazi. Zonsezi zimadziwika pofunsa munthu kuti akumwa chiyani, ndipo funso limenelo n'laulere.

Wophunzira za unamwino:
Pepani akuluakulu, ndifunse nawo. Nanga amene cetirizine amawagonetsa pamene anzawo sawagonetsa, si majini amenewo? Komanso otsatsa amatchula montelukast, piritsi la mphumu ndi ziwengo, ndi mankhwala opumira a mphumu.

Mphunzitsi wa za mankhwala:
Mwafunsa bwino. N'kutheka ndithu kuti majini ali ndi mbali. Pa mitsempha ya magazi ya mu ubongo pali kapampu kotchedwa P-glycoprotein, kopangidwa ndi jini ya ABCB1, kamene kamabweza mankhwala atsopanowa kuti asalowe. Fexofenadine amabwezedwa pafupifupi yense, cetirizine amadutsako pang'ono. Poyesa cetirizine, pafupifupi anthu 14 pa 100 anawodzera, poyerekeza ndi 6 pa 100 mwa amene anamwa piritsi lopanda mankhwala. Koma kafukufuku wa mitundu ya ABCB1 amatsutsana, wina akuti mtundu uwu umakweza mankhwala, wina akuti ayi. Palibe labu imene ingakuuzeni motsimikiza kuti mudzawodzera. Piritsi limodzi lomwedwa madzulo a tsiku lopuma limakuuzani. Likakugonetsani mpaka m'mawa, yesani fexofenadine kapena loratadine, ndipo mowa ukhale patali chifukwa umawonjezera tulo.

Pa montelukast, zoona anthu amasiyana kwambiri, ena amathandizika ndithu, ena ayi. Majini a ALOX5 ndi LTC4S, amene amayendetsa kapangidwe ka ma leukotriene (zinthu zotupitsa njira za mpweya zimene montelukast amazitchinga), afufuzidwa kwa zaka zambiri. N'chimodzimodzi ADRB2 pa salbutamol ndi salmeterol, ndi GLCCI1 pa steroid yopumira. Zotsatira zake zimaoneka pa gulu lalikulu la anthu, koma sizinafike polosera za munthu mmodzi, ndipo malangizo ochizira mphumu sauza dokotala kuti ayeze majini amenewa. Chimene womwa montelukast ayenera kudziwa ndi chenjezo lalikulu limene FDA inaika mu 2020: maloto oipa, kusowa tulo, kukwiyakwiya, kukhumudwa, mpaka maganizo ofuna kudzipha, mwa ana ndi akulu omwe. Kabokosi sikangalosere zimenezi. Pa chimfine cha ziwengo chokha, montelukast asakhale woyamba.

Walabu:
Pa ziwengo zokha ndavomera, musagule. Koma ndikukana kuti kabokosiko n'kopanda ntchito kwa aliyense. Majini sasintha, kuyeza kamodzi kumakwanira moyo wonse. Taganizirani munthu amene ali ndi ziwengo, komanso akumwa amitriptyline, nthawi zina amapatsidwa tramadol kapena codeine, ndipo waikidwa pa clopidogrel. Onsewa ali ndi malangizo a CPIC. Codeine amasanduka morphine kudzera mu CYP2D6, ndiye wopanda enzyme samva kusintha pa ululu, pamene wophwanya mankhwala mothamanga uja amatha kubanika morphine ikachuluka. N'chifukwa chake codeine saloledwa kwa ana osakwana zaka 12, ndipo amapezekanso m'mankhwala ena a chifuwa osakanizidwa ndi antihistamine. Kwa munthu wotero, kuyezetsa kudzera kwa dokotala n'kwanzeru, ndipo za chlorphenamine amangozidziwirako pamwamba.

Amene wasankha kugula afunse izi asanalipire. Ndi majini ati ndi mitundu iti imene akuyeza, ndipo *17, *29 ndi *10 alipo? Amawerenga makope a CYP2D6? Labu yake ndi yovomerezeka ngati labu ya zachipatala, monga pa muyezo wa ISO 15189? Lipoti limalemba mitundu yeniyeni, monga *1/*17, kapena mitundu ya utoto yokha? Utoto wokha dokotala wina sangaugwiritse ntchito. Afunsenso kuti malovu ndi zotsatira zidzasungidwa mpaka liti, ndani angazione, ndipo angathe kuzifufutitsa. Potenga malovu, pazidutsa mphindi 30 asanadye, kumwa, kusuta kapena kutafuna chingamu, apo ayi labu imabweza. Amene anaikidwa chiwindi cha munthu wina asadalire lipotili, chifukwa ma enzyme ake akutsatira majini a wopereka uja.

Dokotala wa khungu:
Apo tagwirizana. Koma pali chisokonezo chimodzi chimene otsatsa amapezerapo mwayi. Majini okhudza mankhwala ochizira ziwengo ndi nkhani ina, majini olosera kuti mankhwala ena akuwenga ndi nkhani inanso. Yachiwiriyi ili ndi umboni wolimba pa mankhwala ochepa: kuyeza jini ya HLA-B*57:01 munthu asanayambe abacavir, HLA-B*15:02 asanayambe carbamazepine makamaka kwa ochokera kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndi HLA-B*58:01 pa allopurinol. Awiri omalizawa amakhudza matenda oopsa osenda khungu, Stevens-Johnson. Kuyeza kumeneku dokotala ndi amene amaitanitsa pa nthawi yake. Kabokosi sikanena ngati penicillin amakuwengani, ndiponso sikanena chimene chikukuyetsemulitsani.

Chibadwa china chofunika chimadziwika pofunsa za kumtundu. Ngati m'banja munali wachinyamata amene anafa mwadzidzidzi, kapena amene amakomokakomoka, pangakhale vuto la mtima lotchedwa long QT. Woteroyo apewe hydroxyzine, antihistamine wina wakale, ndipo ajambulidwe kagundidwe ka mtima (ECG).

Pa zidzolo zoyabwa zopitirira sabata 6, njira ndi yodziwika. Timayamba ndi antihistamine watsopano mlingo wamba tsiku lililonse, osadikira kuti zituluke. Pakatha sabata 2 mpaka 4 popanda kusintha, dokotala amakweza mpaka kanayi, mwachitsanzo cetirizine 20 mg m'mawa ndi 20 mg madzulo. Zikakanikabe pamabwera jakisoni wa omalizumab, 300 mg sabata 4 zilizonse. Chimene chimatiuza kuti tikweze ndi khungu la wodwalayo. Kukweza kumeneku munthu asachite yekha, ndipo sikuchitika ndi mankhwala akale ogonetsa aja.

Ndipo lipoti lobiriwira lisapusitse munthu pa ziwengo zoopsa. Milomo kapena lilime likatupa, mpweya ukabanika, munthu akafooka mwadzidzidzi atadya china kapena atalumidwa ndi njuchi, mankhwala ake ndi adrenaline, 0.5 mg pa mnofu wa kunja kwa ntchafu kwa munthu wamkulu, ndi kuthamangira kuchipatala. Palibe piritsi la antihistamine limene lingatsegule mmero, majini akhale otani.

Namwino wa za mphumu:
Ngati munthu ali ndi ndalama zoyezetsera, zipite pa kudziwa chimene chikumuwenga. Pa kuyeza kwa pakhungu, amadontheza timadontho ta mungu, nthata za m'fumbi, nkhungu, ubweya wa mphaka ndi galu pa mkono, n'kubaya pang'ono pa dontho lililonse. Pakatha mphindi 15 amayeza kutupa, ndipo chotupa choposa cha dontho la madzi a mchere ndi mamilimita 3 chimawerengedwa. Yankho limasintha zochita: wa nthata amachapa zofunda m'madzi otentha ndi kuvindikira matiresi, wa mungu amayamba kupopera m'mphuno kutatsala sabata ziwiri kuti nyengo yake ifike, ndipo amene mankhwala amukanika angaganiziridwe za immunotherapy (kuzoloweretsa thupi pang'onopang'ono chinthu chimene chimamuwenga), imene imatenga zaka zosachepera zitatu. Posintha mankhwala, asinthe chimodzi pa nthawi imodzi, achipatse sabata ziwiri, ndipo azilemba madzulo alionse mmene kuyetsemula, kutsekeka ndi tulo zayendera.

Mphunzitsi wa za mankhwala:
Anamwino, pa kuyeza kwa pakhunguko musaiwale kuti antihistamine amasiyidwa kaye, nthawi zambiri masiku 3 mpaka 7 kutengera mtundu wake, apo ayi khungu silitupa ndipo zonse zimaoneka ngati palibe. Amene amachedwa kuphwanya desloratadine, sabata imodzi ikhoza kuchepa. Woyeza amadziwa poyang'ana dontho la histamine (chinthu chimene chimatupitsa khungu pa ziwengo) limene limaikidwa pambali: likapanda kutupa, mankhwala akadali m'thupi, ndipo kuyezako kubwerezedwe tsiku lina. Amitriptyline amaletsanso khungu kutupa, koma ameneyo munthu asasiye yekha. Amene sangathe kukhala masiku amenewo osamwa piritsi apemphe kuyezedwa IgE (asilikali a thupi oyambitsa ziwengo) m'magazi, chifukwa kumeneko antihistamine sasokoneza.